Kaphiri Kofiira ka Fenna

"Bwanji wadula pakati apa?" anafunsa Sjoerd, chala chili pa kompyuta ya Fenna.

Fenna anameza buledi wa tchizi amene ankatafuna. Mnzake wa mu ofesiyu anangobwera kudzabwereka pulogalamu yake yowerengera mafunde ochokera ku nyenyezi.

"Nanga ndidule pati? Nambala iliyonse ili ndi mbali ziwiri, yeniyeni ndi yongoyerekeza. Ndikauza kompyuta kuti iwaone ngati manambala wamba, mndandanda umatalika kawiri. Theka loyamba ndi mbali zenizeni, lachiwiri zongoyerekeza."

"Ayi, iwe. M'kompyuta sizigona choncho. Zimagona ngati mapasa, yeniyeni pambali pake inzake, yeniyeni pambali pake inzake, mpaka kumapeto."

"Usandipusitse. Zaka zinayi zonsezi, kompyuta osadandaula ngakhale kamodzi?"

"Idandaule chiyani? Unaiuza kuti idule, inadula."

Fenna anakonza mzere umodziwo wa pulogalamuyo, nadina batani. Chithunzi chinabwera chosalala ngati msewu wa njinga. Kaphiri kofiira kamene kankaoneka pa chithunzipo ngati chinthu chatsopano chimene Fenna watulukira kumwamba, kamene aprofesa ake atakaona anagulira ofesi yonse keke ya maapulo, panalibe. Anadinanso. Anapukuta magalasi ake ndi malaya, nadinanso kachitatu.

"Ndiye kapita kuti? Kumwambako kalipo kapena kulibe?" anafunsa Fenna.

Maso a Sjoerd anali pansi pa tebulo, pa katoni yomwe inafika dzulo kuchokera kwa osindikiza. Munali mabuku a digiri ya Fenna, oti akawateteze pamaso pa aprofesa asanu ndi awiri Lachisanu lomweli. Pachikuto pa buku lililonse, kaphiri kofiira kanali kataima njo.