Thabwa la Mlamu

Pampu yokoka mpweya m'matumba a tiyi inali ikulira ngati chigayo chimene chameza mwala. Madalo, yemwe ankamata matumbawo pafupi ndi khomo, ankaona amakaniko awiri a fakitaleyo, Morton ndi Godwin, akuizungulira osayang'anana.

Morton anagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pamene pamakhala beringi, chogwirira n'kuika kukhutu. Anamvetsera, n'kupukusa mutu. Anapala girisi ndi chala. Anali wakuda bii, wodzaza tizitsulo tonyezimira. Anati beringi yatha, shafiti ikugwedera, ndipo poti pampuyo njouma, yosalowa oyilo mkati, zitsulo ziyamba kudyana. Izimitsidwe basi. Godwin anakana. Anati lole yodzanyamula tiyi yaima kale panja, angothira girisi wina, beringi adzasintha mawa.

Pa esiteti yonse panalibe wosadziwa kuti nkhani sinali ya beringi yokha. Godwin anasiya mkazi wake Alefa, mlongo wake wa Morton, ndi ana ang'onoang'ono, n'kukalowa kwa mkazi wina ku Chonde. Morton anali atalumbira pamsika, anthu akumva, kuti tsiku lina adzamuthyola mkono mlamu wakeyo.

Morton anachoka akung'ung'udza. Godwin anatsala yekha. Anaika chikhatho pa mota kuti amve kutentha kwake, n'kuima pomwepo ataumitsa khosi, osacheuka.

Apo Madalo anaona Morton akubwerera chothamanga, thabwa la paleti yosanjikapo matumba lili m'manja. Morton analunjika pomwe panali mlamu wakeyo. Anamenya Godwin pamkono. Anabwereza, fupa n'kumveka kuthyoka. Kachitatu anamugunda nalo pachifuwa, ndipo Godwin anagwa chagada, mutu kuwomba simenti. Pampu inalira mokweza n'kuima, ikufuka utsi. Morton anaponya thabwa, n'kuthamangira chakukhomo.

"Akupha munthu kuno!" anakuwa Madalo, n'kumutchinga njira.

Anthu anasiya makina awo. Woyamba kufika anamutchera mwendo Morton. Ena anabwera ndi masipanala, wina ndi tcheni cha ngolo. Morton ankaloza khoma la pakhomopo, akuyesa kunena kanthu, koma nsapato ya buti inamupeza pakamwa, mano n'kumwazika pansi. Anadzipinda, manja kumutu. Anamuponda m'nthiti, kumsana, paliponse. Madalo naye anatola mwala wa sikelo. Ankamudziwa Alefa, ankapemphera naye tchalitchi chimodzi, koma nthawi imeneyo ankangoona magazi a Godwin akuyenderera pasimenti. Anamusinja nawo Morton kuseri kwa khutu.

Anthuwo analeka ataona kuti sakudzitchinjirizanso.

Amayi ena anali atagwada pambali pa Godwin, akumukupiza ndi chikatoni. Patapita kanthawi Godwin anatsokomola, n'kutsegula maso. Anayesa kudzuka, mkono unakana. Anthu anamuzungulira, akumuuza kuti asadandaule, chigawengacho athana nacho.

Godwin anawayang'ana ngati sakumva. Anatambasula dzanja pang'onopang'ono. Khungu la chikhatho linali litapsa, layera ngati phulusa.

"Wina asakhudze pampuyo, mukazimitse switchi yaikulu ili pakhomo ija," anatero ndi mawu osasa. "Shafiti yadya mawaya. Magetsi anandigwira, ndimakanika ngakhale kukuwa. Wandichotsapo ndani?"

Onse anacheuka. Kukhomo, Morton anali gone chafufumimba, ndipo sankapumanso.