Anatsala pa Mchenga ndi Makina Osokera

Panali mayi wina ku Kawale, dzina lake Jemima, koma anthu ankangoti make Promise. Ankasoka zovala pakhonde ndi makina a pamanja. Mwamuna wake Gwanda, wogulitsa matayala akale, anali ndi mkazi wachiwiri ku Chinsapo, mtsikana wotchedwa Atupele. Izi zinachitikadi mu 2006, a ku Kawale akuzidziwa.

Mwayi umagwera anthu omwewomwewo. Enafe tatuwa mu Lilongwe muno mpaka imvi osaiona nyanja, koma Gwanda anangogula wailesi m'sitolo ina m'tauni, kulemba dzina pa kapepala ka mpikisano, basi wapambana ulendo wa anthu awiri pa sitima ya panyanja. Masiku anayi, chipinda chawochawo, chakudya chaulere.

Gwanda anati apita ndi mkazi wamkulu. Jemima anayenda mzere wonse wa nyumba kulengeza. Koma chimwemwe chinatha mwamuna wake atanena kuti Atupele abwera kudzasunga ana ndi nyumba.

"M'nyumba mwanga? Kamtsikana kaja?"

"Masiku anayi okha, make Promise."

Jemima ankangomuona Atupele m'maganizo atavala chitenje chake chatsopano, akudyera m'mbale zake za alendo, atakhala pa makina ake. Paja mtsikanayo anali atapemphapo kawiri kuti amuphunzitse kusoka. Akadziwa kusoka, mkazi wamkulu atsala ndi chiyani?

Anayamba kulongedza. Zitenje zonse, madiresi, nsapato, mabulangete awiri, mbale za alendo, ngakhale galasi la pakhoma. Masutikesi awiri anadzaza, chikwama chachikulu cha mizeremizere chinadzazanso. Pomaliza anakulunga makina m'bulangete n'kuwamanga ndi chingwe.

Neba wake Magret, wa ku Nkhotakota, anasuzumira pakhomo.

"Aneba, mukusamuka?"

"Tikupita kukapuma pa sitima. Simunamve?"

"Ndamva katatu. Koma kwathu kuja, komwe mukakwerere, sitima siifika kumtunda. Imaima kutali, mumalowa m'madzi mpaka m'chiuno kuti mukwere boti lokakufikitsani. Ndipo uno ndi Julaye, mphepo ya mwera ili mkati. Tengani kachikwama kamodzi koti mutha kusenza nokha. Zinazi ndikusungirani ine, sazikhudza munthu."

"Nanunso mwayamba kuzisirira? Nsanje, aneba. Inu kubadwira kunyanja konseko, munagonako m'chipinda cha sitima?"

Magret anangotembenuka n'kubwerera kunyumba kwake.

Tsiku la ulendo Atupele anafika m'mamawa, n'kugwada kupereka moni. Anapeza m'kabati muli mahang'ala okhaokha. Jemima anamwetulira pomuona akuyang'ana uku ndi uku. Pa minibasi katunduyo anatenga mpando wonse, Gwanda akungong'ung'udza njira yonse.

Ku Nkhotakota anapeza zomwe Magret ananena. Sitima inali kutali, mafunde akumenya, boti likuvina. Mkulu woyendetsa botilo anauza anthu kuti chifukwa cha mphepo, aliyense akwera ndi katundu yemwe angasenze yekha pamutu. Katundu wolemera adikire sabata yamawa.

Atafika pa Jemima anayang'ana mulu uja.

"Amayi, sitoloyi ndi yanu?"

Anthu anaseka. Gwanda anamukokera pambali.

"Make Promise, tenga zitenje ziwiri uike m'chikwama changa. Zinazi tipatse kondakitala wa minibasi ija, ndimamudziwa, akazitula kunyumba."

"Kunyumba kuti? Kumene kuli Atupele? Ndazisenza kuchokera ku Kawale kuti ndimutumizirenso ndekha?"

"Nanga tisiye ku resitihausi."

"Makina anga sagona kwa anthu osawadziwa. Auzeni adikire, mphepo isiya."

"Sitima siidikira munthu."

"Ndiye pitani. Tione ngati mungapite nokha."

Jemima ankaganiza kuti wamuopseza mwamuna wake. Gwanda anapinda thalauza, chikwama pamutu, n'kulowa m'madzi. Jemima anakhala pa sutikesi, makina pamiyendo, akudikira kuti mwamuna wake atembenuke. Boti linanyamuka. Sitima inalira, n'kuyamba kuchepa mpaka kusowa.

Jemima anagona ku resitihausi ndi katundu wake. M'mawa mwake anavutika kupeza minibasi yomulola, ndipo anafika ku Kawale dzuwa litapendeka. Panjira ankadzitonthoza kuti ngakhale ulendo walephera, Atupele sanakhudze ngakhale singano yake.

Anapeza nyumba yokhoma, ana akudya kwa Magret.

"Ali kuti uja?"

"Bambo a Promise anaimba foni pa malo oimbira foni a pamsika paja dzulo masana," anatero Magret. "Akuti tikiti ndi ya anthu awiri, ndipo sitima iimanso pa Nkhata Bay mawa. Mnzanu wakwera basi ya m'mawa."

"Wapita atavala chiyani? Alibe kanthu uja."

"Wanyamula kajumbo kamodzi. Muli chitenje, sopo ndi mswachi."

Awiriwo anabwera patatha masiku atatu, Atupele atanona, akukamba za chambo ndi za chilumba cha Likoma. Chithunzi chomwe anajambulitsa pamwamba pa sitima, atagwirana m'mapewa, Gwanda anachikulitsa n'kuchipachika pamalo pake pa matayala. Njira yopita kumsika imadutsa pomwepo. Jemima makina ake akadali nawo, koma mpaka lero akafuna tomato amazungulira njira yakumanda.

Phunziro: Paulendo nyamulani zomwe mungasenze nokha, ndipo munthu wodziwa njira akakulangizani musamutche wansanje pomwe wansanje ndinu. Jemima analondera zitenje ndi makina, mnzake n'kutenga malo ake m'chipinda cha sitima. Patsirani anzanu nkhaniyi, makamaka aja amene sitingawauze kanthu chifukwa choti sitinapite patali ndi sukulu.