Kachitsulo ka Pagalimoto ya a Lazalo

"Chotsanimo nkhukuzi m'galimotomu, mudhara," anatero Mcloud, akuitana nkhalambayo m'Chishona, uku akusasa tayi yake ngati fumbi la ku Mvurwi silinamulere.

Anabadwira m'komboni momwemo, koma zaka zisanu za ku Harare zinamuphunzitsa kugulitsa magalimoto akale kwa azungu ndi kukwinya mphuno polankhula ndi anthu. A Lazalo, makaniko wakale wa papulazi, anangotsekula boneti ya chigalimoto chimene bwana anawapatsa popuma ntchito.

Mcloud anapala dzimbiri pa kachitsulo kokhomedwa pafupi ndi injini, n'kuyamba kufananitsa manambala ake ndi a m'kabuku kake.

"Apa akuti inatuluka kufakitale ili yofiira. Apa, mipando yachikopa. Apa, injini yaikulu. Zoterezi anapanga zochepa kwambiri, inu n'kumasungiramo nkhuku. Anthu a m'komboni chinthu chabwino simuchidziwa."

"Mwanangu, kachitsuloko..."

"Mumatha kuwerenga inu?"

"Ayi."

"Ndiye khalani chete."

A Lazalo anayamba kutulutsa nkhuku zija. Mcloud anawatsitsira njinga yatsopano ndi wailesi ngati malipiro, n'kumangirira chigalimotocho kumbuyo kwa lole. Anachoka osatsanzika, akumwetulira ngati walanda mwana chimanga chootcha.

Fumbi litatsika, akazi awo a Lazalo, mayi Celestina, anatuluka m'nyumba.

"Mwamuuza za kachitsulo kaja?"

"Wandiuza kuti ndikhale chete."

"Paja munakachotsa kuti?"

"Pagalimoto yofiira ya mwana wa bwana, ija inapsa mu 1974," anatero a Lazalo, akuyesa belu la njinga. "Ndinakakhoma pamenepo kutseka bowo la makoswe."