Masitampa a Mkazi wa ku Japan

"Mufunse mzunguyu, mkaziyo amakhala tauni iti?" anatero Mayi Ketrina, akumenyetsa kaenvulopu pa kauntala ya Bruce, mkulu wodziwa masitampa akale ku Govan.

Mwana wawo Jessica manyazi, abale! Bambo ake anali atamwalira Lachiwiri la sabata yomweyo, okhaokha mu kafulati kawo ku Sighthill. Amayi anawathamangitsa kalekale atapeza masitampa a ku Japan m'thumba la jekete. Bambo ankalumbira kuti anangogula pamsika, koma amayi ayi ndithu, ati sitampa imabwera ndi kalata ndipo kalata imabwera ndi chibwenzi. Ndiye kkkk, tsopano ankafuna amuitane mkaziyo ku maliro, adzamuone nkhope.

Bruce anayika imodzi pansi pa galasi lake lokulitsa zinthu, n'kuyamba kufotokoza.

"Akuti awa si a positi," anamasulira Jessica. "Ndi a msonkho. Ankamata pa malisiti ndi mapepala a mapangano."

"Nanga chofiira ichi? Si lipisitiki imeneyi?"

"Akuti ndi chidindo cha munthu amene anasaina. Amayi, masitampawa anapitirira zaka handiredi. Sanakhalepo pa kalata, olo imodzi."

Mayi Ketrina anayamba kuwabwezera mu envulopu pang'onopang'ono.

"Mufunsenso bwinobwino, iwe. Ndiye ankawalembera bambo ako ndani zaka zonsezi?"

Funso limenelo Jessica sanamasulire.