Tsabola wa Nambala Faivi

A Loretta anakankhira mbale pakati pa tebulo. "Ndinaitanitsa tsabola wa nambala faivi, wowawa kuposa onse. Ichi n'chakudya cha makanda."

Aka kanali kachitatu. Kawiri konse anagula nkhuku yokadyera kunyumba palesitilanti ya Chithai yomweyi, koma nkhukuyo sinkawawa n'komwe.

"Ingodyani mayi, anthu akutiyang'ana," ananong'ona amuna awo, a Gene.

"Ophikawa aona imvizi, akuti sindingapirire. Kapenatu wowawa weniweni amasungira akwawo. Ndiitanireni mwini wake."

Mwini wakeyo, Mayi Pranee, anabwera akupukuta manja, namvetsera modekha.

"Agogo, dzina lanu lili ndi uthenga m'kompyuta: osathira tsabola, ali ndi zilonda zam'mimba. Anatipempha ndi bambowa. Lero aimbanso masana."

A Gene anayamba kupindapinda kansalu kopukutira pakamwa. "Pajatu adokotala anati..."

"Adokotala anauza ine, osati inu."

A Loretta anakoka mbale ya amuna awo, yofiira psuu, n'kuwapatsa yawo ija.

"Miyezi iwiri ndakhala ndikuwaipitsira mbiri mayiwa kutchalitchi konse. Lamulungu mukaimirire kutsogolo, mukakonze zimenezi. Ndipo musakanong'one."