Duwa la Van Dorrelaar

Amayi ake anasiya kupala kokonati Larasati atangotchula dzinalo.

"Wati ndani?"

"Van Dorrelaar, amayi. Mdatchi uja ankakwapula anthu pa esiteti ya tiyi kalekale. M'mabuku a sayansi duwa ili limatchedwa ndi dzina lake. Mawa kumsonkhano wa ife akatswiri a zomera ndikanena kuti lifufutidwe. Ena akuti maina akale sasinthidwa, koma andiona."

Larasati anakhazika duwalo pakhonde n'kuseka. "Ndiye phikani phala la mpunga, lofiira ndi loyera, lija timaphika mwana akamasintha dzina. Nalonso ndi mwana wanga."

Amayiwo sanaseke. Anapukuta manja pansalu yawo, chala chimodzichimodzi.

"Agogo anga, a Paikem, ankamuchapira zovala munthu ameneyo," anatero. "Atawapatsa mimba anawathamangitsa. Mwanayo anam'mana dzina lake."

"Mwanayo anathera kuti?"

"Ndi amayi anga, aja ankakubereka kumsana. Unkawatcha agogo. Maso ako otuwa ngati a mphakawo, umati unawatenga kuti?"

Zaka zonsezi Larasati wakhala akulavula dzinali pamaso pa ophunzira ake. Anayang'ana duwalo, loyera, lamadontho ofiira, ngati akuliona koyamba.

"Bwanji simunandiuze?"

Amayi ake anatolanso kokonati uja.

"Amayi anga anafa akudikira kuti dzinalo lilembedwe penapake pafupi nawo. Linalembedwa pa duwa. Kafufute ngati ukufuna, mwanawe. Koma phalalo uphike wekha."