Munda wa a Abson Wapeza Mwini

"Khasu sinigwiranso! Gulitsani munda munipase gawo langa," anakalipa Teddy, akuponya khasu pamapazi pa atate ake, a Abson.

"Munda uno unadyetsa agogo ako, iwe."

"Unawadyetsa umphawi! Anzanga ku Silverest anadula minda yawo kukhala maploti n'kugulitsa, lero ayenda pa galimoto. Ise tingofera kuno ku Nkomeshya."

A Abson anatola khasu lija.

"Leka kukuwa. Ninagulitsa kale kwa mayi wina wa ku Lusaka. Ndalama zalipirira mlongo wako sukulu ku Chalimbana."

Teddy anafunsa kuti, "Nanga ine?"

"Mayiyo safuna kumanga nyumba, afuna kulima matimati. Ananifunsa wantchito, ninapereka dzina lako. Uyamba Lolemba."